Sopo wamadzi: dziwani chidulo choyenera musanaononge mafuta anu

Miyezi ingapo yapitayo ndidacheza ndi amayi a kalabu ina ya alimi a mpendadzuwa amene adaganiza zoyamba kupanga sopo wamadzi. Mafuta adali nawo okwanira popeza mbeu idachita bwino ndipo adakayengetsa okha pa makina a pamsika. Adasonkha ndalama natuma mmodzi mwa iwo kukagula mankhwala ku sitolo yogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Wogulitsa adawapatsa caustic soda nawatsimikizira kuti sopo aliyense amapangira ameneyu. Pofika kumudzi adatsata bwino lomwe miyezo ya pa pepala limene adawapatsa mnzawo wa m'tauni.

Zotsatira zake zidali zomvetsa chisoni. Malita 10 a mafuta adauma gwa m'ndowa. Atatapako pang'ono ndi kuthira madzi, zinthuzo zidayamba kunanda ngati therere, ndipo mayi amene adayesa kusamba nazo m'manja adasupuka khungu. Funso lawo kwa ine lidali lakuti, "Kodi alangizi, oipa ndi mafutawa kapena talakwitsa kaphikidwe?"

Mafuta adalibe vuto ndipo kaphikidwe kadali kabwino. Miyezo ya pa pepalalo idali ya mankhwala otchedwa caustic potash, pamene iwo adagula caustic soda. Awiriwa amafanana m'maonekedwe koma ntchito yake ndi miyezo yake ndi yosiyana. Popeza alimi ambiri tsopano akuyenga mafuta a mpendadzuwa, mtedza ndi soya, ndipo sopo wamadzi akufunidwa m'masukulu, m'malo odyera ndi m'makomo kuyambira nthawi ya Covid-19 mu 2020 ndi mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, ndi bwino kuti nkhaniyi tiimvetsetse.

Kodi sopo amapangika bwanji?

Sopo ndi mafuta amene asinthidwa ndi mankhwala aukali. Azungu mankhwalawa amawatcha lye, koma ife tili nalo kale dzina lake. Mayi aliyense wakumudzi amadziwa kutcheza chidulo kuchokera ku phulusa la zitsononkho kapena makoko a nyemba pofuna kuphikira therere. Chimene chimafewetsa ndiwo m'chidulo chija ndi mtundu womwewo wa mphamvu imene imasandutsa mafuta kukhala sopo. Kusiyana kwake nkwakuti chidulo cha sopo ndi chaukali kwambiri moti sichiyenera kuyandikira pakamwa. M'nkhani ino tizingoti chidulo cha sopo.

Chidulo chikakumana ndi mafuta pa muyezo woyenera, zonse ziwiri zimatha ndipo pamabadwa sopo ndi glycerine, amene amafewetsa khungu. Katswiri wa ku France, Michel Eugène Chevreul, ndiye adalongosola zimenezi m'buku lake la 1823. Mfundo yofunika kwa ife ndi yakuti chidulo chikachuluka, chotsalacho chimakhalabe m'sopo ndipo chimawotcha khungu. Chikachepa, mafuta otsala amayandama pamwamba ndipo pakapita nthawi amayamba kununkha.

Mitundu iwiri ya chidulo

Mtundu woyamba ndi caustic soda, amene dzina lake la pa thumba ndi sodium hydroxide, kapena mwachidule NaOH. Amapangidwa m'mafakitale kuchokera ku mchere wamba. Sopo wochokera ku caustic soda amalimba akazizira ndipo sasungunuka msanga m'madzi. Sopo wamtanda amene timagula m'magolosale amapangira ameneyu. Mukamusungunula ndi madzi ambiri kuti akhale wamadzi, amaoneka bwino akadali wotentha, koma akagona amaundana, kunanda, kapena kulekana ndi madzi. Ndi chifukwa chake amene amapala sopo wamtanda ndi kumuviika m'botolo sapeza sopo wamadzi weniweni.

Mtundu wachiwiri ndi caustic potash, amene pa thumba amalemba potassium hydroxide, kapena KOH. Sopo wochokera kwa ameneyu salimba. Akapsa amakhala ngati phala lolimba loonekera mkati, ndipo mukathira madzi amasungunuka yense ndi kukhala choncho miyezi yambiri. Uyu ndiye wofunika kwa aliyense amene akufuna kupanga sopo wamadzi ndi mafuta a mbeu zake.

Kale anthu ankavutika kusiyanitsa zidulo ziwirizi. Mu 1807 Humphry Davy, ali ku London, adagwiritsa ntchito magetsi napeza kuti mu caustic potash muli potassium pamene mu caustic soda muli sodium. Potassium ameneyu ndi yemwe uja alimi timamudziwa ndi chilembo cha K pa thumba la feteleza. Mbeu zimamuyamwa m'nthaka, ndipo zikapsa amatsalira m'phulusa. Kotero chidulo cha phulusa ndi cha mtundu wa potash.

Maina amene amasokoneza anthu

Vuto lalikulu pogula ndi lakuti mau oti soda ndi potash akupezeka pa zinthu zambiri zimene sizingapange sopo.

Soda wophikira therere, amene pa paketi amalemba bicarbonate of soda, ndi wofooka kwambiri. Ngakhale mutathira wochuluka bwanji, mafuta adzakhalabe mafuta. Palinso soda ash, amene ena amati washing soda. Ameneyu amathandiza pochapa ndipo amafewetsa madzi, koma sangalowe m'malo mwa caustic potash.

Alimi a fodya ndi mbatatesi amadziwa feteleza wa Muriate of Potash ndi Sulphate of Potash. Ndakumanapo ndi mlimi amene ankafuna kuyesa ameneyu poona kuti dzina ndi lomwelo. Musataye mafuta anu. Fetelezayu ndi mtundu wa mchere chabe ndipo alibe ukali wosinthira mafuta. Malo ake ndi kumunda.

Pomaliza pali mankhwala otsegulira mapaipi otsekeka. Ena mwa iwo ndi caustic soda wosakaniza ndi zinthu zina monga tizidutswa ta aluminiyamu, ndipo ena ndi asidi woopsa. Amenewa asalowe m'sopo.

Zoyenera kuona pogula

Caustic soda amapezeka mosavuta m'masitolo a zomangira. Caustic potash ndi wosowerapo. Kawirikawiri amapezeka kwa amene amagulitsa mankhwala a m'mafakitale ndi zipangizo za m'malaboretale a sukulu m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre ndi Lilongwe. Musanakwere basi, yambani mwafunsa pa foni ngati ali naye, ndipo tchulani dzina lonse lakuti potassium hydroxide. Mukangoti mukufuna mankhwala a sopo adzakupatsani caustic soda.

Mukafika, werengani nokha pa thumba. Pakhale mau oti potassium hydroxide kapena zilembo za KOH. Matumba ochokera kunja amakhalanso ndi nambala ya katundu woopsa. Ya caustic potash ndi UN 1813 pamene ya caustic soda ndi UN 1823. Onaninso mphamvu yake. Caustic potash wambiri amakhala wa 90 peresenti, wina wa 85 peresenti, ndipo nambala imeneyi mudzaifuna poyeza.

Pewani kugula mankhwala opimidwa m'majumbo opanda dzina. Ndi maso simungathe kusiyanitsa, chifukwa onse awiri ndi oyera ndipo amabwera ngati timapale tating'ono. Ngati wogulitsa akupima kuchokera m'thumba lalikulu, pemphani kuti muone thumbalo ndipo mulembe dzina pa chimene mwanyamuliramo. Akulu adati safunsa adadya phula.

Caustic potash amayamwa chinyezi cha mumpweya msanga. Akakhala pamtunda amanyowa, amaundana ndipo mphamvu yake imachepa. Musagule wonyowa kapena woundana, ndipo kunyumba musungeni m'chigubu cha pulasitiki chotseka bwino. Thumba lathunthu limakhala la makilogalamu 25 ndipo limakwanira mafuta pafupifupi makilogalamu 120. Kwa munthu mmodzi ndi lochuluka, koma kalabu ingathe kugula limodzi ndi kugawana.

Ngati muli ndi mankhwala amene mukuwakayikira, yesani kaye pa mafuta ochepa. Tengani magalamu 100 a mafuta, magalamu 20 a mankhwalawo ndi mamililita 60 a madzi, muphike monga tafotokozera m'munsimu. Zikasanduka phala lofewa lomatika m'mthiko, ameneyo ndi caustic potash. Zikauma ndi kumanyenyeka zikazizira, ndi caustic soda, ndipo sopo woyeserayo musamugwiritse ntchito pathupi.

Miyezo

Zidulo ziwirizi sizilowana m'malo pa sikelo. Kilogalamu imodzi ya mafuta a mpendadzuwa imafuna magalamu pafupifupi 135 a caustic soda, koma imafuna magalamu 205 a caustic potash wa 90 peresenti. Apa ndi pamene padagona ngozi ya amayi aja. Pothira caustic soda pa muyezo wa potash, adapyoletsa ndi magalamu 70 pa kilogalamu iliyonse, ndipo m'ndowa yonse mudatsala chidulo chopitirira theka la kilogalamu chopanda mafuta oti chigwirepo ntchito. Chimenechi ndicho chidasupula manja.

Mafuta aliwonse ali ndi muyezo wake. Pa kilogalamu imodzi ya mafuta, miyezo ya caustic potash wa 90 peresenti ili motere: mpendadzuwa magalamu 205, mtedza kapena soya magalamu 210, nsatsi magalamu 195, kokonati magalamu 280. Ngati potash wanu ndi wa 85 peresenti, onjezani magalamu 12 pa kilogalamu iliyonse ya mafuta a mpendadzuwa, mtedza kapena soya. Madzi osungunulira akhale katatu kulemera kwa potash, ndiye kuti mamililita pafupifupi 600 pa kilogalamu ya mafuta.

Kumbukirani kuti lita imodzi ya mafuta si kilogalamu imodzi. Imalemera magalamu pafupifupi 920. Choncho yezani zonse pa sikelo yowerenga magalamu. Kuyeza ndi supuni, kapu kapena chibakera n'kumene kumabweretsa ngozi.

Sopo wa mpendadzuwa wokha ndi wofatsa pakhungu koma thovu lake ndi lochepa. Kuthirako mafuta a nsatsi, gawo limodzi mwa magawo khumi, kumathandiza thovu. Mafuta a ng'ombe ndi a mawese a ku Karonga ndi abwino pa sopo wamtanda, koma pa sopo wamadzi amachititsa kuti aoneke ngati mkaka ndi kudikha pansi.

Kaphikidwe mwachidule

Gwiritsani ntchito madzi amvula oyera. Madzi a mijigo ina amakhala ndi laimu ndi michere ina imene imagwirana ndi sopo ndi kupanga zoyandama ngati chambiko, thovu n'kuchepa.

Thirani madzi ozizira m'ndowa ya pulasitiki yolimba, kenaka muzithira potash pang'onopang'ono uku mukutakasa. Nthawi zonse potash ndiye apite m'madzi. Mukathira madzi pa potash zimatha kuwira mwadzidzidzi ndi kukuthovokerani kumaso. Madziwo adzatentha okha ndipo adzatulutsa nthunzi yotsamwitsa, choncho chitirani panja.

Tenthetsani mafuta osafika powira, muthiremo chidulo chija ndi kuyamba kuvundula. Ndi mthiko ntchitoyi imatenga nthawi, ndipo poyamba mafuta amaoneka ngati akukana kusakanikirana. Kuponyamo kachidutswa ka sopo wakale kumafulumizitsa. Zikayamba kulimba, ikani mphikawo m'kati mwa mphika wina wa madzi owira kuti zisapserere, ndipo phikani maola atatu kapena anayi mukuvundula mwa apo ndi apo kufikira phalalo litayamba kuonekera mkati.

Poyesa ngati wapsa, sungunulani supuni imodzi ya phalalo m'kapu ya madzi amvula ofunda. Mukaona mafuta akuyandama, pitirizani kuphika. Amene angapeze timapepala toyezera pH, sopo wabwino amaonetsa pakati pa 9 ndi 10. Akapsa, thirani madzi otentha magawo awiri kapena atatu pa gawo limodzi la phala, vindikirani, musiye usiku wonse kuti asungunuke yekha. Kilogalamu imodzi ya mafuta imatulutsa malita pafupifupi 5. Musiyeni adikhe sabata imodzi kapena ziwiri musanathire m'mabotolo.

Nanga chidulo cha phulusa?

Alimi ena adzafunsa kuti, popeza phulusa tili nalo, bwanji osangotcheza chidulo chathu? Nzotheka. Ku Ghana ndi ku Nigeria amayi amapanga sopo wakuda wotchuka pogwiritsa ntchito phulusa la makoko a koko ndi a nthochi zophika, ndipo sopo wake amakhala wofewa kaamba kakuti ndi wa potash. Dzina lenilenilo lakuti potash lidachokera ku mau a Chingerezi otanthauza mphika ndi phulusa.

Koma pali zofunika kudziwa. M'phulusa mumatuluka potassium carbonate, amene ndi wofookerapo poyerekeza ndi caustic potash wa m'sitolo. Amafuna kuphika nthawi yaitali ndipo sopo wake amakhala wodera. Komanso mphamvu ya chidulo chotere imasinthasintha malinga ndi chimene mwaotcha. Phulusa la makoko a nthochi, zitsononkho ndi makoko a nyemba limatulutsa chidulo champhamvu kuposa la mitengo yofewa ngati paini.

Akale ankawiritsa chidulo kuti madzi achepe, n'kuchiyesa ndi dzira laliwisi chitazizira. Dzira likamira, chidulo nchofooka. Likayandama ndi kuonetsa pamwamba kagawo kofanana ndi chitsekero cha botolo, chafika poyenera. Dziralo litayidwe, lisadyedwe. Pofuna kuonjezera ukali ankathiramo laimu wopaka nyumba, kutakasa, kudikira kuti zoyera zidikhe pansi, n'kutsanula madzi a pamwamba. Laimu wothira m'munda sagwira ntchito imeneyi. Chidulo chowiritsa chotere chimawotcha ngati cha m'sitolo, choncho chisasungidwe pafupi ndi chidulo cha ndiwo.

Malangizo anga ndi akuti sopo wa phulusa akhale wotsukira mbale ndi kuchapira pakhomo. Wogulitsa kapena wosambitsira ana afunika chidulo chodziwika mphamvu yake. Ndiponso musaotche mapesi ndi masangwe m'munda pofuna phulusa, chifukwa mukatero mwaononga chakudya cha nthaka ndi cha ziweto. Sonkhanitsani phulusa la kukhitchini, losasakanikirana ndi mapulasitiki kapena matabwa opaka penti ndi mankhwala. Phulusa lotcheza kale likathiridwe pa kompositi.

Sopo wamadzi wopanda mafuta

Pali njira ina imene imaphunzitsidwa kwambiri m'matauni, ndipo ndi imene imachititsa ogulitsa kunena kuti sopo wamadzi amafuna caustic soda. Pa njira imeneyi salowetsa mafuta a mbeu ayi. Amasakaniza mankhwala ogula monga sulphonic acid, SLES amene ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti Texapon, mchere, mtundu ndi fungo. Caustic soda amalowamo pang'ono, ndipo ntchito yake ndi kupha ukali wa asidi uja. Sopo wotsukira mbale wambiri wa m'masitolo ndi wa mtundu umenewu.

Tsono yang'anani pepala lanu la miyezo. Ngati pali sulphonic acid ndipo palibe mafuta, caustic soda ndi woyenera, pa muyezo umene walembedwa. Ngati pali mafuta a mpendadzuwa, mtedza kapena soya ndipo mukufuna sopo wamadzi, gulani caustic potash. Pepala likangonena kuti lye kapena caustic osatchula mtundu, musaligwiritse ntchito kufikira mutafunsa.

Chenjezo

Zidulo zonse ziwiri zimadya khungu ndipo dontho limodzi m'diso lingathe kuchititsa khungu losaona. Valani magolovesi a labala, magalasi oteteza maso, malaya a manja aatali ndi nsapato.

Musagwiritse ntchito sefuliya za aluminiyamu, zimene ndi zofala m'makomo mwathu, kapena ndowa zamalata. Chidulo chimadya ziwiya zimenezi ndi kutulutsa mpweya woyaka moto. Gwiritsani ntchito mphika wa chitsulo chosachita dzimbiri, ndi ndowa za pulasitiki zimene pansi pake pali nambala 2 kapena 5. Ziwiya zimenezi ndi mthiko wake zisabwererenso kophikira chakudya.

Chidulo chikakudontherani pakhungu, vulani chovala chonyowacho ndipo tsirani madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 20. Chikalowa m'maso, tsukani ndi madzi osalekeza ndipo pitani kuchipatala msanga. Mwana akameza, musamusanzitse chifukwa chimawotchanso pobwerera. Thamangirani naye kuchipatala mutanyamula paketi ya mankhwalawo. Ana amayesa timapaleti shuga kapena mchere, ndipo chidulo chosungunula amachiyesa madzi akumwa. Mabala ake akapola amatha kutseka kum'mero mwana n'kumalephera kumeza chakudya. Musasunge chidulo m'botolo la zakumwa ngakhale kwa ola limodzi, ndipo tsiku lopanga sopo ana akasewere kutali.

Amene akufuna kugulitsa sopo wawo m'masitolo akaonane ndi bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards kuti sopoyo ayesedwe.

Phindu lina kudimba

Sopo wa caustic potash ali ndi ntchito inanso kwa mlimi. Amapha tizilombo tofewa thupi monga nsabwe za m'masamba ndi kodikodi. Yambani ndi mamililita 20 pa lita imodzi ya madzi, ndiye kuti mamililita 300 mu sipuleya ya malita 15. Poperani madzulo dzuwa litapepa, ndipo onetsetsani kuti mwanyowetsa kunsi kwa masamba chifukwa sopo amapha tizilombo tokhato timene watikhudza. Yesani kaye pa mbeu zingapo ndi kudikira masiku awiri kuti muone ngati masamba sakuwauka. Sopo wothira fungo ndi mtundu, kapena uja wa sulphonic acid, asapoperedwe pa mbeu.

Kunena za amayi aja, mafuta awo sadapite pachabe onse. Titawerengetsa chidulo chotsala, tidapeza kuti chimafuna malita ena asanu a mafuta. Adapala chiphala cholimba chija atavala magolovesi, nachisungunula pamoto ndi madzi pang'ono, nathiramo mafutawo, ndipo adapeza sopo wamtanda wochapira amene adagawana. Ulendo wotsatira adatuma mlembi wa kalabu ku Lilongwe atalemba dzina lonse la mankhwala pa pepala, ndipo adayamba ndi kilogalamu imodzi yokha ya mafuta. Inunso yambani ndi ochepa, lembani m'kope miyezo imene mwagwiritsa ntchito, ndipo pamene pakukuvutani funsani alangizi a m'dera lanu kapena mphunzitsi wa sayansi wa pa sekondale yapafupi.